Tsiku Limene Malipenga Anaperekeza Bambo

Ndinadzuka kusanache, mphepo ya kunyanja ikugwedeza chitseko cha galaja. Pasiwa tinagona ochepa, chifukwa malamulo a mliri sankalola kusonkhana, ndipo abale a ku Dedza anachezera nafe pafoni. Ndege zinali zitaima, choncho bambo tinayenera kuwaika kunja konkuno, m'tauni ya Rockingham.

Bambo ankagwira ntchito kumigodi, koma akabwera kudzapuma ankaliza lipenga m'gulu la okesitala, loimba ndi zida zokhazokha, la m'tauni muno. Mtima wawo unali pa nyimbo za ku England, Norway ndi Finland zopekedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Ankati opeka ake anatunga pachitsime chimodzi, nyimbo za asodzi, za abusa a ziweto ndi za m'matchalitchi akumidzi. Akudwala anatipempha kuti tidzawaperekeze nazo.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anakana kwamtuwagalu. "Mkhristu sapita ndi nyimbo zopanda mawu, mwana iwe." Ine ndili ndi mtima wapachala, moti tinalozana zala mpunga uli pambaula. Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti kumanda ankalola anthu khumi okha, kwaya ayi. Munthu wanyimbo ngati bambo azipita mwakachetechete ngati wakuba? Ndinatuluka panja n'kuimbira foni anzawo a m'gulu lija.

Tinanyamuka mvula ikuwaza. Tikuyandikira kumanda tinaona magalimoto atandandalika m'mbali mwa msewu, a anthu akwathu okhala m'madera a Maddington ndi Kwinana, ndi a ophunzira a ku Zambia. Pakati pa magalimotowo panaima oimba aja motalikirana, ena atawafunditsa maambulera.

Malipenga anayamba mwaukali ngati mabingu, mavayolini n'kutsatira. Kenako zonse zinadekha, n'kutulukira nyimbo ya ku Finland yoyenda pang'onopang'ono. Azakhali anatsitsa galasi la galimoto, n'kutchera khutu.

"Kodi iyi si ija timaimba kumvano?"

Anayamba kuiimba chapansipansi, masiki ili kukamwa. Azimayi a m'galimoto yotsatira anaipolokera, kenako ena, mpaka msewu wonse unkaimba m'Chichewa pamwamba pa malipenga. Bokosi linalowa pageti nyimbo ili pakati. Ndinalira, koma unali misozi yonyada.

Madzulo m'nyumba munali zii. Amayi anali atagona, ine ndikutsuka mbale. Azakhali, amene anali asanandilankhule chiyambire m'mawa, anandiitana ali pampando wa bambo.

"Tandiikira nyimbo ya ku England ija ankaikonda bambo ako. Mwina nayonso ndi yathu."