Senkaru Mmodzi Yekha M'Peru Yense

Mlongo wanga Gilmer Sangama ndi munthu wabwino, koma ubwino wake ndi wotopetsa. Wamkulu ndine, ndinathandizana ndi mayi athu kumulera, ndiye ndikamati mwana ameneyu ndi nkhutukumve ndikudziwa chimene ndikunena. Amayendetsa njinga yamoto ya matayala atatu, kunyamula anthu kuchokera kudoko la mtsinje wa Huallaga kupita kumsika. Kumbuyo kwa njingayo anajambulitsako mnyamata wa tsitsi lobiriwira, maso ngati mbale, atagwira lupanga lotalika kuposa mwini wake. Ameneyo ndiye Senkaru, dzina limene landiboola makutu kuyambira Gilmer ali ndi mamina m'mphuno.

Tili ana, tauni yathu inali ndi mlongoti umodzi wa kanema. Woyang'anira wake, don Abelardo, anali ndi katoni ya matepi a makatuni a ku Japani imene anakagula ku Tarapoto, ndipo ana tikaweruka kusukulu ankatiikira tepi imodzi. Nkhani yake inali ya Senkaru ndi anzake, akuthawa adani m'mapiri. Wina akagwa, Senkaru ankabwerera kukamubereka. Tepi yomaliza m'katonimo inkathera pa mlatho wa zingwe: anzake ali pakati pa mlatho, adani akubwera, Senkaru waima kumapeto atasolola lupanga. Mawa lake don Abelardo ankayambiranso tepi yoyamba. Anatero ubwana wathu wonse ndipo palibe anadandaula. Tinkangoti nkhani imathera pomwepo, munthu waima kuteteza anzake, mukufunanso chiyani?

Bambo athu anapita ku Tocache kukafuna ntchito Gilmer asanayambe sukulu, osabweranso, osatumiza ndi moni yemwe. Ndiye mwanayu anangotola bambo pa kanema. Chaka chimene mtsinje unasefukira, tonse tili pamtunda, iye anabwerera m'madzi kukatenga nkhumba ya mnzake Wilder, n'kutuluka nayo paphewa, mwendo utang'ambidwa ndi lata. Mnzake aliyense akaledzera, womufikitsa kwawo ndi Gilmer, wotukwanidwa ndi mkazi wa eni ake pakhomo ndi Gilmer yemweyo. Ukamudzudzula amangoti, "Achemwali, mnzako sumusiya m'mbuyo." Ndinatsuka m'kamwa mpaka ndinaleka.

Atakwatira Nelith ndinati mwina akhwima. Mwana anabadwa wamwamuna, pa tsiku la Cipriano Woyera, ndipo apongozi ake, doña Otilia, anali ataona kale pa kalendala n'kuyamba kuuza anthu kuti mdzukulu wawo ndi Cipriano. Koma Nelith akadali pabedi, Gilmer anapita yekha ku ofesi ya kalembera. Anabwerako mano onse ali pamtunda.

"Achemwali! Amayi! Tamverani izi. Mlembi uja wafufuza pa kompyuta. M'Peru yense, kuyambira kunyanja mpaka kumalire a Brazil, kulibe Senkaru wina. Alipo mmodzi yekha, wagona apayu!"

"Iwe," ndinatero ine, "sunadzifunse kuti n'chifukwa chiyani kulibe?"

"Anthu saganiza, achemwali."

"Dziko lonse siliganiza, woganiza ndiwe wapanjinga?"

"Mayo ine!" anatero doña Otilia atagwira kumutu. "Mdzukulu wanga dzina ngati mankhwala a udzudzu! Woyera wake ali kuti ameneyo? Akadwala tidzapemphera kwa ndani?"

Nelith anakulira kumudzi kopanda kanema, Senkaru ankangomudziwa kuchokera pakamwa pa mwamuna wake. "Asiyeni, amayi," anatero akuyamwitsa. "Akuti anali munthu wosataya anzake. Mwanayu akadzatengera zimenezo, ine ndilibe mawu."

Madzulo ake Gilmer anandipempha kuti ndikhale mayi wa ubatizo wa mwanayo, Wilder akhale bambo wake. Ndinafuna kukana, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kuyambira pamenepo palibe anakwera njinga ija osamva nkhani ya dzina losowa. Amayi ogulitsa nsomba anaimva, aphunzitsi anaimva, ngakhale munthu wothamangira kuchipatala ndi dzino anaimva. Alendo ochokera ku Lima akaona chithunzi chakumbuyo chija ankagwedezana, kuseka, n'kuchijambula pa foni. Gilmer ankati akusirira.

Chiyembekezo changa chinatsala pa wansembe. Bambo Renzo anali atangobwera kumene kuchokera ku Lima, wachinyamata, msinkhu umodzi ndi Gilmer. Ndinati ameneyu akana dzina lachikunja, nkhani ithere pomwepo. Kutatsala masiku ochepa kuti ubatizo uchitike, anatiitana ku ofesi ya parishi, makolo ndi ife awiri.

"Dzina la mwana?"

"Senkaru, abambo."

Bambo Renzo anaika cholembera pansi. "Senkaru? Wa tsitsi lobiriwira uja?"

"Mumamudziwa! Mwaona, achemwali? Ndi abambo omwe amamudziwa!"

"Ndinkaonera ndili mwana," anatero wansembe uja pang'onopang'ono. "Koma a Sangama, pa anthu onse a m'nkhani ija, mwasankhiranji iyeyo?"

"Nanga ndani winanso? Munthu anaima yekha pa mlatho!"

"Eya, anaima. Kenako anadula zingwe."

"Zingwe ziti?"

"Za mlatho, anzake ali pakati. Anali atawagulitsa kale kwa adani. Theka lotsala la nkhaniyo ndi la mmodzi amene anapulumuka, akumusakasaka kuti abwezere. Kusukulu kwathu ku Lima, mwana akakunenera kwa aphunzitsi tinkamutcha Senkaru."

Gilmer anaseka. "Abambo, ndi ulemu wonse, mwasokoneza ndi katuni ina. Nkhani imathera pa mlatho. Tauni yonse tinaonera."

Bambo Renzo anatulutsa foni, n'kufufuza kanthawi, n'kuika patebulo. Tinaunjikana anthu akuluakulu, mitu pamodzi. Mlatho unali womwewo, nyimbo yomweyo. Kenako Senkaru anatembenuka, anamwetulira kumwetulira kumene sitinakuonepo, lupanga linatsika pa zingwe, anzake onse n'kugwera kuphompho akumuitana dzina.

"Ha! Galu ameneyu!" anakuwa Wilder, kenako n'kugwira pakamwa atakumbukira kuti ali pamaso pa wansembe.

Ine mawu oti "ndinkanena ine" ndinali nditawasunga zaka zambiri, ndipo anali atafika kale pa lilime. Koma Gilmer anapempha kuti aonenso. Ataona kachiwiri anabweza foni ija ndi manja awiri, anathokoza, n'kutuluka. Njinga anaisiya pakhomo pa parishi, kunyumba anapita wapansi. Mawu anga aja ndinawameza.

Kutacha tauni yonse inali itamva, chifukwa pakamwa pa Wilder sipasunga kanthu. Amuna a ndevu zawo ankaima pamsika kuonetsana foni, kutukwana katuni ngati yawabera nkhuku. Gilmer anaphimba chithunzi chija ndi thumba la mpunga. Ankanyamulabe anthu, koma nkhani ya dzina ija osaitchulanso. Doña Otilia okha ndiwo anasangalala. Anakafunsa kwa Bambo Renzo, n'kubwera ndi uthenga woti dzina la ubatizo likhoza kusiyana ndi la papepala, ndipo la papepalalo adzalikonza m'tsogolo. Nelith anangoti, "Atchule okha bambo ake." Bambo akewo sanatchule kanthu.

Lachisanu Wilder analedzera kudoko mpaka kugona m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo. Gilmer anadutsa pomwepo ndi njinga yopanda munthu, anamuona, osaima. Mkazi wa Wilder anachita kukamutenga yekha pa wilibala. Ine ndinamva nkhaniyi ndikukulunga juane wa paphwando la ubatizo, mpunga ndi nkhuku m'masamba, ndipo ndinasiya zonse n'kupita kwa Gilmer. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupempha kuti asiye kutola zidakwa. Tsiku limene anasiyadi, ndinachita mantha.

Ndinamupeza atakhala pakhonde.

"Iwe, mnzako wamusiyiranji pamsewu?"

"Ali ndi mkazi wake."

"Kuyambira liti?"

"Achemwali, ndisiyeni. Ndinali chitsiru, tauni yonse yadziwa. Munkanena inu."

Palibe chinandipsetsa mtima ngati kundivomereza kumeneko. Ndinabwerera ku juane wanga, ndipo ambiri ndinamanga zingwe mothina mpaka masamba kung'ambika.

Loweruka m'tchalitchi munadzaza, ena obwera ku ubatizo, ambiri obwera kudzamva dzina. Mwana anali m'manja mwanga, atavala zoyera zimene ndinasoka ndekha. Wilder anaima pambali panga, maso ali psuu.

"Mwanayu mwamupatsa dzina loti chiyani?" anafunsa Bambo Renzo.

Nelith anayang'ana mwamuna wake. Gilmer anayang'ana nsapato zake. Kumbuyo kwathu doña Otilia anayamba kunong'ona, "Cipriano, Cipriano," ngati akuitana nkhuku. Wansembe anadikira. Munthu amene sanatsekepo pakamwa chibadwire anaima pamenepo mapewa ali pansi, akudikira kuti apongozi amutchulire mwana wake woyamba.

Ndinakwiyira aliyense. Ndinakwiyira malemu don Abelardo ndi katoni yawo yosakwanira, Bambo Renzo ndi foni yawo, anthu a ku Japani ojambula zinthu zosweretsa ana a eni mitima, ndipo koposa onse ndinakwiyira mlongo wanga.

"Senkaru," ndinatero ine, mokweza kuti a kumbuyo amve.

M'tchalitchi munamveka manong'onong'o. Bambo Renzo anawerama n'kutsitsa mawu. "Mayi, mwatsimikiza? Munaona nokha zimene anachita."

"Ndinaona, abambo. Ameneyo ndi wa kwanu ku Lima. Wa kuno ndimamudziwa ine, ndinkamuchapira makabudula, ndi uyu waima apa ngati nkhuku yonyowayu. Thirani madzi, mwana akulemera."

Gilmer anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Wansembe anamufunsa ngati akuvomera, ndipo iye anangogwedeza mutu, misozi ikutsikira m'kolala ya malaya obwereka kwa mwamuna wanga. Madzi anathiridwa, mwana analira.

Titatuluka panja anabwera manja ali tambasu kuti andikumbatire. Ndinamupatsa mwana wake.

"Gwira uyu. Ndipo madzulo ano Wilder ukamufikitse kwawo, ukumuona kale mmene akuyang'anira mabotolo."

"Chabwino, achemwali."

Doña Otilia sandiyankhula mpaka lero. Dzinalo n'loipabe, silinakomeko ndi pang'ono pomwe, ndipo tauni yonse ikudziwa kuti amene analitchula pamaso pa Mulungu ndine.