Mkwiyo Tinkausiya pa Nsanja

Kwathu kwa Makhuwira, mwana akapsa mtima amayi sankamukwapula. Ankamutuma kumunda wa mapira kukaingitsa mbalame. Pakati pa mundawo panali nsanja ya mitengo inayi, ndipo kuchoka pansanjapo zingwe zinkafika kumalire onse, zitamangiriridwa zitini zokhala ndi timiyala. Ukakoka chingwe zitini zinkasokosera, iwe n'kumakuwa mmene ungathere. Mpheta ungazitukwane chotani, palibe wokuimba mlandu.

Ine ndinabadwa wamtima wapachala, choncho nsanjayo ndinaizolowera kuposa wina aliyense. Ndinkakwerapo misozi ili chuchuchu, nditalumbira kuti amene wandiputayo sindidzamulankhulanso mpaka kufa. Pofika masana, mawu atasasa, njala italuma, ndinkakhala nditaiwala chimene tinayambanirana. Amayi, amene anakulira ku Nsanje, ankangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Wakhuta, mwananga?" Sankanena za chakudya.

Chaka china abambo anapita kuesiteti kukamva mayina a odula nzimbe a nyengo imeneyo. Anali atadula zaka zambiri, ndipo chikwanje anali atanoleratu. Dzina lawo silinaitanidwe. Anabwerako, n'kutsamiritsa njinga pamtengo wa nimu, ndipo kuyambira tsikulo pakhomo panangoti zii. Munthu amene ankatiimbira mluzu akadali kumsewu tsopano ankangokhala pamthunzi, maso ali pansi. Tonse tinkayenda monyang'ama.

Mmawa wina mchemwali wanga wamng'ono, wazaka zisanu, anapunthwa n'kuwathira abambo madzi pamiyendo. Abambo anadzambatuka, dzanja lili m'mwamba. Sanamumenye, koma mwanayo anadzikodzera ali chiimire. Kuyambira pamenepo akangomva kutsokomola kwawo ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Sindibisa, masiku amenewo abambo ndinadana nawo. Ndinkaopanso kuti tsiku lina dzanjalo lidzatsika.

Patapita masiku atatu amayi anagwada patsogolo pawo n'kunena mosakaniza ndi Chisena chawo, "Baba, mbalame zatha mapira. Anawa mawu awo ngochepa. Ndokoni, pitani mukatithandize."

Abambo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka ananyamuka kulowera kumunda. Ine ndi mtima wanga wofuna kuona chilichonse ndinawatsatira chapatali, n'kukabisala m'mapiramo.

Atakwera, nsanja inalira, poti sinamangidwire munthu wamkulu. Poyamba anakoka chingwe mwamanyazi. Kenaka mawu anatuluka.

"Chokani! Chokani, akuba inu! Zaka zonsezi ndakhala ndikupsa ndi dzuwa, lero mukuti ndakalamba? Ana anga adya chiyani?"

Zitini zinalira, agalu a kumudzi n'kuyankha. Ndinayamba kuseka, koma kusekako kunandithera nditaona akupukuta m'maso ndi malaya. Ndinabwerera kunyumba mwakachetechete, ndipo sindinauze munthu.

Abambo anafika dzuwa litapendeka, mawu atatheratu. Anafuna kuitana mchemwali wanga uja, koma pakamwa panangotuluka kamphepo ngati ka bakha wamphongo. Mwanayo anasuzumira ali kuseri kwa nkhokwe n'kuphulika nako kuseka. Anayandikira pang'onopang'ono kuti amve chimene akunena, mpaka anapezeka ali pamiyendo pawo. Ntchito sinapezeke chaka chimenecho, koma dzanja lija sitinalionenso m'mwamba.

Papita zaka zambiri tsopano. Munda uja madzi osefukira anaukwirira ndi mchenga, abambo anatisiya, ndipo ine ndili m'tauni kumene ukakuwa aneba amagogoda. Ndimaisowa nsanja ija. Mwezi wathawu ndinabwera kuntchito mutu utatentha, n'kukalipira mwana wanga wamkazi chifukwa cholephera mayeso, mpaka anasiya kudya nane pamodzi. Ndinaimbira foni amayi kuwadandaulira, ndipo tinakumbutsana za tsiku lija abambo anakwera nsanja. Ndili m'kati molankhula, chinthu china chinandifikira m'mutu: mayina kuesiteti ankaitana mapira athu asanatulutse ngala. Mmene ndinabisala muja munali masamba okhaokha.

"Amayi, kodi tsiku lija mbalame zinalipo?"

Anaseka mpaka kutsamwa. "Ngakhale imodzi, mwananga. Abambo ako ankadziwa, anali mlimi aja. Anapitabe chifukwa cha inu." Kenaka anaonjezera kuti, "Tsono iwe funa pokakuwira. Mdzukulu wangayo si mbalame."