Chaka Chimene Achule Anafa ku Dambo la Kwathu

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, mudzi wathu wa kufupi ndi Itepela tinaupeza uli tchire. Pamene panali nyumba ya amayi tinapazindikira ndi mtengo wa mango wokha. Amayiwo tinawasiya m'manda a kumsasa wa othawa nkhondo, pamodzi ndi ana anga awiri oyamba. Tinabwerera atatu: ine, amuna anga, ndi achemwali anga aakulu, amene amuna awo anatengedwa ndi asilikali osabweranso.

Kumunsi kwa mudzi kunali dambo. Mbali ina ya dambolo inali ndi mabomba okwirira, ndiye kwa zaka zingapo palibe anapondako, mpaka anabwera anthu odzawazula. Atachoka tinayamba kulimamo mpunga, tinakumbanso chitsime m'mphepete mwake. Achule analimo osaneneka. Mvula ikagwa ankalira mpaka munthu kulephera kumva mnzake ali naye pakhonde limodzi. Kumtunda amuna anga anatsegula minda ya thonje, imene kwathu timati mashamba, monga anachitira amuna ambiri, chifukwa ogula a ku Cuamba ankabweretsa okha mbewu ndi mankhwala opopera. Nthawi imeneyo ndi imene ndinabereka mwana wamkazi. Achemwali analibe mwana, ndipo ankamubereka kumbuyo kuposa ine mayi wake.

Mwanayo atayamba kulankhula, kumayambiriro a dzinja lina, mlembi wa mudzi anafika kwathu ndi mayi wachilendo amene anatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, kumsewu atanyamula mabokosi. Anali wa m'dziko lathu lomweli, koma wa kumwera, ndipo Chinyanja kapena Chiyao sankachimva. Anamubweretsa kwa ine chifukwa ndinaphunzirako Chipwitikizi nkhondo isanafike kwathu, komanso tinali ndi kanyumba kopanda munthu. Mlembi anati mayiwa ndi a sukulu yaikulu, abwera kudzayeza achule. Anthu anaseka, ndipo tsiku lomwelo anawatcha amayi a achule.

Mayiwo anandifotokozera tikusenda chinangwa. Anati kumayiko akutali achule akutha ndi matenda a pakhungu, chuku chinachake chonga chimene chimayambitsa zipere kwa anthu. Chule amamwa madzi ndi khungu, amapumanso ndi khungu lomwelo, ndiye likaonongeka amafa. Iwo ankafuna kudziwa ngati matendawo analiponso kuno. Ndinawafunsa kuti kodi achule akatha ndani angalire maliro. Sanakwiye. Anati achule ndi amene amadya tizilombo ta mumpunga, komanso madzi akayamba kuipa iwo ndiwo amayamba kudwala.

Ntchito yawo ndinaiona ndi maso anga. Ankagwira chule atavala zamphira m'manja, kumupukuta pamimba ndi m'zala ndi kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, kuika kamtengoko m'kabotolo, chule uja n'kumubwezera pamene anamutenga. Akatuluka m'dambo ankatsuka nsapato zawo zazitali m'beseni, ndi mankhwala onunkha ngati a kuchipatala. Ankati akutero kuti asanyamule matenda kuchoka dambo lina kupita lina. Madzi a m'beseniwo ankawataya m'dzenje kuseri kwa nyumba, koma amene ankaonera patali anaona beseni ndi kumva fungo basi.

Mwana wanga anawazolowera. Ankawatsatira pabwalo, iwo n'kumamuonetsa ambululu m'chitini. Atamaliza ntchito mayiwo anandisiyira nsalu ya kapulana yatsopano, amuna anga anawanyamulira mabokosi pa njinga mpaka kumsewu.

Mwezi usanathe achule anayamba kufa. Ndinayamba kuona ndine, m'mawa ndikukatunga madzi. Chule anali atakhala panjira, padzuwa, ndipo nditamukhudza ndi phazi sanadumphe. Ena anali chagada m'mphepete mwa mpunga, mimba zofiira, khungu likusupuka ngati la mbatata yophika. Mlungu wotsatira dambo lonse linanunkha. Akhwangwala ankatera, koma ena sankadya n'komwe. Achule awiri tinawavuula m'chitsime momwemo. Tinakapa madzi onse, chitsime chinadzazanso, tinapitiriza kumwa chifukwa kwina kotunga kunalibe.

Kenako ana anayamba kutsegula m'mimba. Anayamba wa nyumba yoyandikana nafe, kenako ena awiri kutsidya. Wanga anayamba masana, ndipo pofika m'mawa maso anali atalowa. Amuna anga anatikweza pa njinga mpaka ku chipatala chaching'ono, kumene tinapeza namwino yekha ali ndi timapaketi ta madzi a mchere ndi shuga. Mwanayo ankasanza chilichonse. Namwino anati tithamangire ku Mandimba kumene kuli madzi olowetsa m'mitsempha. Tinadikira galimoto m'mbali mwa msewu, matope okhaokha, ndipo lole ya matabwa itatinyamula, mwana anatsirizika pamiyendo panga tisanaone n'komwe nyumba za Mandimba. Tinatsika panjira, tinabwerera wapansi, amuna anga atamubereka kumbuyo ngati wamoyo kuti anthu asatifunse.

M'mudzi munafa ana anayi dzinja limenelo. Pamaliro a wachitatu nkhani inali itapsa kale: mayi uja anathira mankhwala m'dambo, anapha achule, poizoni n'kutsikira m'chitsime. Ena ankati timabotolo tija tinali totengera mizimu. Achemwali sanalankhule nane mpaka tsiku lometa litadutsa. Atalankhula, anali ataimirira pakhomo, osalowa.

"Ndiwe unamuyalira mphasa," anatero. "Ndiwe unkamuphikira. Mwana wathu wamugulitsa ndi kapulana."

Kuyambira pamenepo anasiya kudya nafe. Anazika mpanda wa udzu pakati pa nyumba yawo ndi yathu. Kuchitsime amayi anzanga ankasiya nkhani ndikafika. Ineyo sindinkadziwa chimene ndinkakhulupirira. Ndinali nditaona komwe madzi a m'beseni ankatayidwa, koma masiku ena ndinkadzifunsa ngati panalibe zina zimene mayiyo ankachita ine kulibe.

Dzinja lotsatira mayi a achule aja anabweranso, osadziwa kanthu. Anafika akumwetulira, atanyamula kadiresi kachikasu ka mwana. Nditawauza kuti mwanayo anamwalira, anakhala pansi pa dothi pomwepo, kadiresi kali m'manja. Ine sindinawapatse mpando kapena madzi. Ndinawauza za achule, za chitsime, ndi zimene anthu ankanena. Kenako ndinafunsa chimene ndinasunga chaka chonse.

"Mundiuze, mayi. Chimene chinapha achule ndi chimene chinapha mwana wanga?"

"Matenda a achule salowa mwa munthu," anayankha. "Zimenezo ndikuzidziwa. Koma chimene chinapha mwana wanu sindikuchidziwa, ndipo sindikunamizani."

Anati timitengo tija anakatiyeza, ndipo chuku chija chinapezeka pa achule ena, pa ena ayi. Koma achule a kuno ambiri amatha kukhala nacho osafa, ndiye sakanatha kunena kuti ndicho chinawamaliza. Akanaona mitembo yake mwina akanadziwa. Za ana anati mwina madzi a mvula anakokolera zonyansa m'chitsime, monga zimachitikira m'midzi yambiri dzinja. Chilichonse chinali mwina. Ndinamva mkwiyo woti munthu wophunzira chotere wayenda ulendo wonsewo kudzandipatsa mwina. Ndikanakonda akanati ndi iwo, kapena akanati ndi ine.

Anthu anali atayamba kusonkhana kuseri kwa mpanda, achemwali ali patsogolo. Wina anaponya chibuma chimene chinaphwanyika pa bokosi. Mlembi wa mudzi anabwera akupuma mwamphamvu, nati mayiwa achoke dzuwa lisanapendeke, chifukwa iye sangathe kuwateteza. Mayiwo sanatsutse. Anangopempha kuti ndiuze anthu aziwiritsa madzi akumwa, koma ine sindinamasulire, chifukwa palibe akanamva.

Amuna anga anamanganso mabokosi pa njinga n'kuwaperekeza kumsewu, anthu akuwatukwana kumbuyo. Anabwerako madzulo, sanadye. Patapita masiku ndi pamene anandiuza kuti panjira, ndi Chipwitikizi chawo chothyokathyoka, anawafunsa mayi aja za mpope wopopera thonje. Amuna onse a m'mudzi ankatsuka mipope yawo pa kamtsinje kolowa m'dambo, ndipo chaka chimenecho mbozi zinachuluka, anapopera kawirikawiri. Mayiwo anayankha kuti mankhwala otero amapha achule ndithu, koma popanda kuyeza madziwo sangaloze munthu chala.

Amuna anga sanadzalenso thonje. Sanauze aliyense chifukwa chake, ndipo amuna ena anapitiriza kulima ndi kutsuka mipope pomwepo. Chaka chimenecho tinavutika. Amuna angawo ankapita ku Mandimba kukanyamula matumba a anthu pa njinga kuwolotsa malire, kubwera miyendo itatupa. Anasanduka munthu wosalankhula, ndipo dzina la mwanayo sanalitchulenso mpaka imfa yawo.

Achule anabwerera m'dambo pang'onopang'ono, koma osafika pakale. Mayi aja sitinawaonenso, ndipo sindinamve ngati ntchito yawo inapitirira kwina. Achemwali anakwatiwa ndi bambo wina wa ku Etatara n'kusamukira komweko osanditsanzika. Patapita zaka uthenga unabwera woti akudwala kwambiri. Ndinakwera shapa mpaka ku Cuamba, kuchoka apo pa njinga yamoto. Ndinawapeza atatha thupi, koma nzeru zili bwino. Ndinawasambitsa, ndinawaphikira phala, anamwa pang'ono. Anandilola kugona m'chipinda mwawo. Usana wina ndikuwapesa tsitsi anati mwana uja akanakhala kuti ali moyo bwenzi pano ali ndi ana ake, ndipo amene akuwapesa akanakhala iyeyo. Ndinavomera. Anati mlendo uja Mulungu adzamufunsa. Ine ndinapitiriza kupesa. Anamwalira mlungu womwewo, ndipo tinawaika kwa amuna awo.