Tinakawapeza a Harriet Kuseri kwa Tchalitchi

Tinanyamuka ku Wigston, kuno kwa Azungu, Lachinayi nthawi itangokwana hafu naini, chifukwa khadi la a Arthur lokwerera basi ulere siligwira ntchito nthawiyo isanakwane. A Arthur ndi mdala amene ndinkamusamalira kunyumba kwake m'mawa uliwonse. Tsikulo ndinali pa ofu, koma ndinali nditatopa ndi mwana wawo, Mark. A Arthur akangoti agogo awo aakazi ankawauza kuti ali ndi magazi a banja la a Quenlow, eni minda akalekale a kufupi ndi ku Melton, Mark ankandinong'oneza kuti, "Mutu wayamba kusokonekera." Anali atayamba kale kufunsa za nyumba zosungirako okalamba oiwalaiwala. Ine ndinkadziwa kuti munthu amene amandikumbutsa mankhwala ndikaiwala ine, mutu wake uli bwinobwino.

Pa depoti ya basi m'tauni ya Leicester tinakumana ndi Mayi Phiri, anesi a kutchalitchi kwathu, maso ali psuu.

"Mwaswera, asisi? Ine ndangofinisha shifti. Mukutravela ndi klayenti pa ofu? Akulipirani ovataimu?"

"Ayi, tikukasaka makolo."

"Makolo a mzungu? Anu a ku Dowa munamaliza?" Anaseka mpaka basi yawo kutsala pang'ono kuwasiya.

Ulendo wa ku Melton unatenga pafupifupi ola. Ine ndinalipira mapaundi asanu ndi chenji, a Arthur anangoonetsa khadi monyadira ngati basi ndi yawo. M'njiramo anatambasula pepala lalitali la mzere wa a Quenlow: bambo, mwana wamwamuna, mdzukulu wamwamuna, mpaka pansi. Kwa zaka makumi atatu ankasaka mwana wamwamuna amene mwina anabadwira kumbali n'kusintha dzina, n'kukhala kholo lawo. Sanamupeze.

Tinafika cha m'ma leveni, ndipo anandikakamiza kulawa payi wa nkhumba amene tauniyo imatchuka naye. Amadya wozizira! Ndinameza mwaulemu, mtima ukulira tsabola. Basi ya kumudzi komwe tinkapita inali itadutsa kale, ina madzulo, choncho tinakwera takisi ya mapaundi khumi ndi awiri. Msewu wake ndi wopapatiza, mipanda ya zitsamba uku ndi uku, ndipo tinatsatira thirakitala kwa mphindi khumi woyendetsa osaliza n'komwe hutala.

Tchalitchi tinachipeza chokhoma. Kiyi anali ndi Mayi Jean, a nyumba yoyandikana, amene anabwera atavala majombo a m'dimba. Mkatimo mayina a akufa a banja la a Quenlow anali ponseponse, pakhoma, pansi, ngakhale m'mawindo. A Arthur anawerenga mwala uliwonse. Patatha ola anakhala pa benchi n'kupinda pepala lawo.

"Mwina Mark akunena zoona," anatero chapansipansi.

Mawu amenewo anandipweteka, kenako anandikwiyitsa. Ndinalanda pepalalo. Chapansi, pambali pa mayina a anyamata, panangolembedwa kuti "ndi ana aakazi awiri". Opanda mayina, ngati nkhuku.

"A Arthur, agogo anu aja, amayi awo anali yani?"

"Harriet. Anakwatiwa ndi woluka masokosi wa ku Wigston, Joseph Tansley. Koma ameneyo ndi wa kuchikazi, Esinati."

"Eya, wa kuchikazi! Kwathu mwana ndi wa kwa amake. Bambo ndi mkamwini, anabwera ndi chikwama chake. Inu zaka zonsezi mwakhala mukufunsa alendo."

Ndinafunsa Mayi Jean ngati akazi a banjali anaikidwa momwemo. Anati ambiri inde, koma mmodzi ali panja, kuseri, ndipo palibe amapitako. Tinazungulira, ine nditawagwira a Arthur dzanja, nsapato zikulowa m'matope. Mwala wa pamanda akewo unali wakuda, wosalala, utakutidwa ndi zomera zoyanga. Ndinazikanganula ndi manja, Mayi Jean n'kuthira madzi a m'botolo langa. Malemba anatuluka ooneka bwino ngati agobedwa dzulo. Pamwamba panali dzina la mkazi wa a Quenlow. Pansi penipeni, m'timalemba tating'ono, panalembedwa kuti mwalawo anauimika ndi mwana wake wamkazi, Harriet, mkazi wa Joseph Tansley wa ku Wigston.

Ndinalulutira, anthuni. M'manda a Azungu, masana dzuwa likuswa mtengo! Mbalame zinabalalika, Mayi Jean anagwetsa botolo. A Arthur anavula chipewa, misozi ikutsikira m'masharubu, koma akuseka.

"Harriet anamuchotsa papepala chifukwa anakwatiwa ndi mmphawi," anatero Mayi Jean. "Koma mwala wa amake anaimika ndi iyeyo."

"Mako ndi mako," ndinayankha m'Chichewa, ndipo sindinavutike kumasulira.

Ndinajambula mwalawo a Arthur ataima pambali, n'kutumiza kwa Mark popanda kulemba kalikonse. Mayi Jean anatiphikira tiyi, kenako anatiperekeza pa galimoto yawo mpaka ku Melton, kukana ngakhale ya mafuta.

Foni ya a Arthur inalira tili m'basi ya faivi koloko, tikuyandikira Leicester. Ndinamva mawu a Mark akupepesa, akufunsa ngati angadzawatengere bambo ake kumandako Lamlungu. A Arthur anayankha ngati mfumu: "Ndiona ngati ndili ndi mpata." Za nyumba ya okalamba ija sizinatchulidwenso.

Ndinaphunzira kuti pepala limakumbukira okhawo amene mwini cholembera anawafuna. N'chifukwa chake nditafika kunyumba ndinamuitana mwana wanga Tadala, wobadwira konkuno, amene ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi. Ndinamupatsa cholembera ndi kope.

"Lemba. Esinati, mwana wa Nabanda. Nabanda, mwana wa Aginesi."

"Nanga adadi?" anafunsa.

"Adadi ako tiwalemba m'mbali," ndinatero. "Koma ife tiwalemba ndi dzina."