Chala cha Wometa Pansi pa Madzi

Mdzukulu wanga wachitatu ndi wometa tsitsi, ndipo amene amati kumeta ndi ntchito yopepuka akayese kaye kugwira mutu wa mwana wa zaka zitatu kwa mphindi khumi. Kashopu kake kali pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wokonza mafoni. Muli mipando iwiri, benchi ya odikira, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi botolo la sipiriti yomwe amawaza pa makina asanakhudze mutu wina. Makasitomala anamupatsa dzina loti Wailesi, chifukwa pakamwa pake pamatseguka limodzi ndi chitseko cha shopu. Ine dzinalo sindilikana. Mwanayu anayamba kuyankhula asanayambe kuyenda, ndipo zimenezi anatengera kwathu kuno, osati kwa bambo ake.

Amakhala chete nthawi imodzi yokha: akaluma chipeso kuti manja onse awiri agwire ntchito. Pamenepo chala chake chachikulu ndiye chimamuyankhulira. Kasitomala akafunsa ngati kumbuyo kwalingana, chala m'mwamba. Wosoka nsapato akasuzumira kudzapereka moni, chala m'mwamba. Ngakhale tsiku la ukwati wake, atafunsidwa ngati akumutengadi mkaziyo, chala chinayankha pakamwa pasanatseguke.

Mkazi wakeyo, amene ine ndimamutcha mkazi mnzanga poti anandilanda mwamuna, ndi namwino wa ku wodi ya ana. Ndi wofatsa ngati madzi a mumtsuko, koma akatsimikiza chinthu ndi bwino kungomupatukira. Chaka chatha anapita kukacheza kwa mkulu wake amene amakhala kufupi ndi nyanja, n'kubwerako ndi kakhadi kokhala ndi chithunzi chake. Anali ataphunzira kwa masiku anayi kulowa pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya, ndipo kakhadiko kankamulola kutsika mpaka mamita 18.

"Ndiye kuti mwaphunzira kumira," anatero Wailesi akukatembenuza kakhadiko. "Anzanu amamira osapita kusukulu."

"Ndaphunzira kubwerako," anayankha mkaziyo.

Chaka chino anapeza tchuthi cha masiku atatu, choyamba cha awiriwo limodzi chibadwire mapasa awo. Atsikanawo anawasiya kwa ine, iwo n'kukwera basi. Zimene zinachitika kumeneko ndikuzidziwa bwino, chifukwa Wailesi wandisimbira katatu, ndipo mkazi mnzanga wakonza pamene panapindika.

Atafika anapita kunyumba imene amaphunzitsirako zolowa m'madzi. Munkanunkha labala wonyowa. Zovala zakuda zinali zitapachikidwa ngati zikopa zoyanika, ndipo mabotolo a mpweya anali atandanda m'mbali mwa khoma. Mwini wake anali mayi wamtali wa imvi, ndipo aliyense ankangowatcha Aphunzitsi. Wailesi atangowaona anadziwa kuti mayiwo amadzimeta okha, koma anadzigwira.

Aphunzitsi anayang'ana kakhadi kaja n'kugwedeza mutu. "Mayiwa ali ndi khadi. Nanga inu bambo muli ndi chiyani?"

"Ndili ndi mayiwa."

"Pansi pa madzi imeneyo sigwira ntchito. Kusambira mumatha?"

"Ndimafika kumene ndikupita."

Aphunzitsi anamuuza zimene akanatha kusankha. Akanatha kukhala m'boti n'kumalondera nsapato za anzake. Akanatha kuyandama pamwamba ataluma kapaipi, n'kumamuonera mkazi wake patali ngati munthu wosuzumira pawindo. Maphunziro opezera khadi amatenga masiku anayi, iye anali ndi atatu, ndipo limodzi linali litathera m'basi. Chotsala chinali choyeserera cha tsiku limodzi: masana omwewo alowe m'dziwe losambiramo la kuseri kwa nyumbayo, ndipo akawakhutiritsa Aphunzitsi, m'mawa mwake atsike nawo m'nyanja pamalo osaya, iwo atamugwira.

Kenako anatembenukira kwa mkaziyo. "Mawa maboti awiri anyamuka nthawi imodzi. Lina likupita kumene kuli sitima yomira, lina kumiyala ya pafupi apa. Kusitima kwatsala malo amodzi, ndipo pali munthu akuwadikira. Mukalemba dzina kumiyala, malowo apita. Bambowa akalephera m'dziwe, adzatsala m'boti, inu mudzatsika ndi ine basi."

Wailesi ankaidziwa sitimayo. Chithunzi chake chinakhala pafoni ya mkazi wake chaka chathunthu, pamalo pomwe kale panali nkhope yake. Koma mkaziyo anatenga cholembera n'kulemba mayina onse awiri pa pepala la kumiyala.

"Mayi a mapasa, taganizani kaye."

"Ine ndaganiza kale. Inu ndiye muganize zopambana."

Masana anamuveka chovala chakuda chothina, mpaka mimba imene amaibisa m'epuloni inaonekera poyera. Anamumanga lamba wa zitsulo zolemera, anamuveka magalasi ndi zipsepse zakumapazi, n'kumubereketsa botolo. Asanalowe m'madzi, Aphunzitsi anamuphunzitsa kuyankhula ndi manja. Kukumanitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zitatu zili chilili, ndiye kuti zonse zili bwino. Kugwedeza chikhatho ndiye kuti pali vuto. Kukweza chala chachikulu ndiye kuti tikwere pamwamba.

"Chala chimenechi sitichifunsa mafunso," anatero Aphunzitsi. "Munthu akachikweza, tonse timakwera, zifukwa tikamvera kumtunda. Mwamva?"

"Ndamva," anatero Wailesi. Koma khutu limodzi lokha ndi limene linamva, chifukwa maso ake anali pa mzere wokhota wa tsitsi kuseri kwa khutu la Aphunzitsi.

Anamupatsa chopumira kuti alume, n'kutsika naye mpaka anagwada pansi pa dziwe. Mpweya woyamba anaukoka mwamantha, wachiwiri mokayikira, wachitatu anazindikira kuti akupumadi pansi pa madzi ngati mwana wa nsomba. Mtima unasefukira. Anafuna kuti anene, koma m'kamwa munali modzaza, monga zimakhalira akaluma chipeso. Aphunzitsi anamufunsa ndi zala ngati zonse zili bwino, ndipo chala chija chinadzuka chokha.

Anangomva wagwidwa palamba, kenako mutu uli kunja.

"Chavuta n'chiyani?"

"Palibe. Ndimati zikukoma."

"Mwati tikwere."

Anatsikanso. Ulendo uno anayenera kulowetsa madzi m'magalasi dala, kenako n'kuwatulutsa popumira m'mphuno. Ambiri amatsamwa pamenepa, koma mdzukulu wanga anachita kamodzi kokha, mwaukhondo. Chifukwa cha kunyada anakweza zala zonse ziwiri. Anatulukanso. Ulendo wachitatu anakumbukira, koma mochedwa: chala chinali chitafika kale m'mwamba, ndipo anayesa kuchibisa kumsana ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

Aphunzitsi anavula magalasi awo n'kumuyang'ana. Sanakalipe. "Bambo, kunyanja sindingamakukwezeni ndi kukutsitsani ngati chidebe cha pachitsime. Makutu angakupwetekeni. Choopsa kwambiri n'chakuti tsiku lomwe mudzafunedi kukwera, ine ndidzaganiza kuti mukusangalala. Pumulani pang'ono. Kwatsala kamodzi."

Ine ndimafunsabe kuti amene anagawa ntchito za zala ameneyu anafunsa ndani. Dziko lonse likudziwa chimene chala chachikulu chimanena, kenako munthu mmodzi wonyowa n'kungochitembenuza. Komabe, poti ndine munthu wachilungamo, mayiwo sanalakwe. Akanamutengera mdzukulu wanga kunyanja asakumvana, bwenzi atandidziwa.

Wailesi anasambira mpaka m'mphepete, pomwe mkazi wake anakhala mapazi ali m'madzi. Anatsamiritsa chibwano pasimenti, osakweza maso.

"Ndakutayitsani sitima yanu."

"Simunalephere."

"Chalachi sichindimvera, mayi a mapasa. Zaka khumi ndi zisanu chikugwira ntchito imodzi. Ndikachiuza zina chikuona ngati ndikuseka."

Mkaziyo anamuyang'anitsitsa, monga amachitira akamaganizira pobaya jakisoni mwana wosakhazikika. Kenako anati, "Mukamaliza kumeta munthu, n'kumuvula nsalu, n'kuona katsitsi kamodzi katsalira pakolala, mumatani?"

"Ndimakachotsa."

"Tachotsani pano." Anamupatsa phewa.

Wailesi anatambasula dzanja n'kutola katsitsi komwe panalibe, mwaulemu wake wonse wa pantchito.

"Imani pomwepo. Taonani dzanja lanulo."

Anayang'ana. Chala chachikulu chinali chitakumana ndi chamkombaphala, zala zitatu zili chilili.

"Aphunzitsi akakufunsani, musawayankhe," anatero mkaziyo. "Ingowachotsani katsitsi."

Ulendo wachinayi anagwada pansi pa dziwe mtima ukugunda ngati makina ometera otha mafuta. Aphunzitsi anafunsa. Chala chija chinayamba kudzuka, iye akuchimva ndithu. Anachotsa maso pankhope ya Aphunzitsi n'kuyang'ana paphewa pawo, ndipo anadziuza kuti pali katsitsi koyera, ndipo kasitomala sangatuluke m'shopu mwake ali choncho. Dzanja linapita lokha, mpaka linawatsina chovala. Aphunzitsi anayang'ana phewa lawo, anayang'ana dzanjalo, thovu lambiri n'kutuluka m'chopumira chawo. Anamufunsanso kanayi, akumuyendetsa uku ndi uku, ndipo kanayi konse anawatola katsitsi. Kenako iwo ndi amene anakweza chala.

"Zaka zonsezi palibe amene anandithothola nthenga m'dziwe langa lomwe," anatero atatuluka. "Mawa mufike seveni koloko. Koma muzitola chapatali."

M'mawa mwake maboti awiri ananyamuka limodzi. La kusitima linakhotera kutali, ndipo Wailesi anaona mkazi wake akuliyang'ana kamodzi kokha, kenako n'kuyamba kumuonera malamba. Wailesi sanayankhule ulendo wonsewo, moti woyendetsa boti anamufunsa ngati akumva nseru.

Anatsika atagwira chingwe, pang'onopang'ono, akutsina mphuno n'kupemerera kuti makutu atseguke. Aphunzitsi anamugwira palamba, mkazi wake anamugwira dzanja. Pa mamita asanu ndi imodzi anafika pamchenga woyera. Kuwala kunkavina pamiyala, ndipo tinsomba tachikasu tinkawadutsa osawalabadira, ngati anthu a m'tauni.

Atangoyenda pang'ono, Wailesi anaima. Pambali pa mwala wina panali chinsomba chachikulu chitayasama, chili duu. Kansomba kakang'ono ka mzere wakuda kankachizungulira, kakuchitola tizinthu pamutu, m'mbali mwa maso, mpaka kulowa m'kamwa n'kutulukira kumbali. Kumbuyo kwake nsomba zina ziwiri zinkadikira, imodzi ikusuntha ngati ikufuna kulowerera mzere. Chinsomba chija chitachoka, yotsatira inabwera n'kuima malo omwewo, n'kupendeketsa mutu.

Wailesi anafinya dzanja la mkazi wake, akuloza, akudziloza pachifuwa, akulozanso. Aphunzitsi anamukoka kuti apite patsogolo kukaona zina, koma iye anangowatolera katsitsi m'madzi n'kukhala pomwepo. Anaona kansombako kakumaliza makasitomala asanu ndi awiri. Anaona kuti kamayambira kumanzere ngati iye, ndiponso kuti kasitomala wamkulu kamamuchedwerapo. Mkazi wake anagwada pambali pake osamusiya dzanja. Mpweya utatsala pang'ono, Aphunzitsi anakweza chala, onse atatu n'kukwera.

Pamtunda anapeza anthu a boti lina lija akusimba za sitima mokweza: chiwongolero chikadalipo, m'zipinda mukugona nsomba, wina anaona kapu pansi. Wailesi anamvetsera mutu uli pansi. Mkazi wake anali atakhala pabenchi, thaulo lili m'khosi, akulemba m'kabuku kamene olowa m'madzi amalembamo ulendo uliwonse.

"Mwamva zimenezo?" anafunsa iye chapansipansi. "Anzanu aona sitima yathunthu. Inu mwaonera kumeta, ngati kuti kwanu kulibe."

"Sitimayo inamira ine ndisanabadwe. Sikuthawa."

"Simukudandaula?"

"Ndidzadandaula mukadzapanda kutenga khadi yanu. Kumeneko ndikufuna munthu wondinyamulira zipsepse. Sainani apa, pa dzina la amene ndinatsika naye."

Anamupatsa kabukuko. Wailesi anapukuta dzanja pathaulo n'kuwerenga kaye, poti sasaina chinthu asanawerenge. Panali tsiku, kuya kwake, ndi mphindi zimene anakhala pansi. Pamzere wa zimene anaona, mkaziyo anali atalemba kuti: nsomba zometana, ndi bambo a mapasa.

"Bwanji mwandiika kumapeto?"

"Nsombazo zinafika msanga. Dikirani pabenchi."

Anasaina.