Chaka chimene tinasamutsa likulu pa bwato

Ku koleji ndinakhalako mpaka pamene ine ndi mayeso tinagwirizana kuti tisiyane mwamtendere. Ndinabwerera kwathu ku Ndamera ndi sutikesi, nsapato zoopa matope, ndi phunziro limodzi lokakamira m'mutu: mbiri ya malikulu a dziko la Rasha. Masiku amenewo dzina la dzikolo silinkatchulidwa mokweza, choncho nzeru zanga zonse zinali zonong'ona.

Tinkakhala m'dambo, pa kachitunda kamene agogo anafikira atachoka ku Mozambiki. Chaka chimenecho Shire anayamba kudzaza msanga. Anansi anasamukira kumtunda monga mwa chaka ndi chaka, koma bambo anati atopa n'kuthawa madzi ngati anawalakwira. Ine ndinkangoyendayenda: kuzika kamtengo m'mphepete mwa madzi, kubwerera, kukapeza kamira.

Ndinaganiza zogwiritsa ntchito maphunziro. Bambo akusoka ukonde, ndinaima ngati mphunzitsi n'kuwafotokozera kuti Arasha anali ndi likulu lakale la matchalitchi ndi ndevu, Mosiko. Kenako mfumu ina inamanga lina m'dambo moyang'ana nyanja, ndipo mtunduwo unakhala wa mitima iwiri, wina wokakamira zakwawo, wina wosirira zakutali. Mfundo inali yakuti anthu olemekezeka amasamuka. Ndinawonjeza kuti ngakhale boma lathu linali kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Bambo anati za boma ndisiye, khoma lathu ndi la bango.

"Ndiye mfumu yakoyo inasankha dambo?" anafunsa.

Ndinavomera. Anati inali yanzeru, napitiriza kusoka.

Amayi, amene ankapeta mapira chapafupi, anafunsa mosayang'ana munthu ngati mfumuyo inachita kunyengerera anthu ake. Ndinati ayi, inangonyamula mpando, ofuna kudya anatsatira.

Kutacha, bambo atapita kukaonjola miono, amayi anandituma kukabwereka bwato. Tinapakira mtondo, munsi, miphika, mapira onse ndi nkhuku. Bambo tinawasiyira mphasa ndi wailesi. Kwathu mwamuna amapha nsomba, amamanga nyumba, koma mtondo saukhudza, ndipo mapira osasinja sadyeka.

Kumtunda sindinakhazikike. Ndikakhala pansi ndinkaona m'maganizo bambo ali pa denga, ng'ona zikudikira mwaulemu. Ndinkathamangira kumadzi, kubwerako, kupitanso, mpaka amayi anati ndikuwachititsa chizungulire. Iwo ankangosinja, molimba kuposa masiku onse, ngati akufuna kuti mtondo umveke kudambo.

Bambo anatulukira kumtunda madzi atafika pakhomo pawo, wailesi ili pamutu, nkhope ya munthu amene watopa ndi nsomba yootcha yopanda chodyera.

"Sindinasamuke ayi," anatero. "Ndadzacheza."

Amayi anawayalira mphasa ya alendo, nawafunsa za kumudzi.

Atauma ndi kukhuta ndi pamene ndinawauza mutu wotsiriza, umene ndinaubisa dala: patapita mibadwo, Arasha anabwezera likulu lawo ku Mosiko, kwa makolo. Bambo anati ndikanayambira pamenepo. Madzi ataphwa, mtondo ndi umene unayamba kulowa m'bwato lobwerera kudambo, ndipo amene anaunyamula ndi bambo.