Maso a Emma pa Chinsalu

Ku Iponga, mayi akamalangiza mwana wake wopita kubanja ankangoti, "Ukakhale ngati Emma." Emmayo analibe zambiri: munda wa mpunga, nthochi kuseri kwa nyumba, ndi mbiri imodzi yomwe ankaisunga ngati dzira. Chikwatiwireni anali asanayang'anepo nkhope ya apongozi ake aamuna, bambo Zebedee. Ndi mwambo wa Ankhonde umenewo, ndipo ambiri masiku ano amaukumbukira pakakhala alendo basi. Koma iye akangomva ndodo ya mkuluyo panjira ankapatukira m'nthochi, n'kufunda chitenje kumutu mpaka adutse. Imvi zinamupeza akuthawabe, ndipo ankanyadira.

Ndiye kunabwera Kenan, mwana wa mchimwene wake, atanyamula kamera. Ankapanga filimu yake yoyamba, ya mtsikana wokulira m'mudzi momwemo. "Azakhali, inu muzingochita zomwe mumachita masiku onse," anatero. Emma anavomera, poti mwana wa pakhomo sumukaniza. Anamujambula akupuntha mpunga, akuthawira m'nthochi, ndipo tsiku lina akuyang'anitsitsa ng'ombe ya eni yomwe inalowa m'munda mwake, maso ali psuu ndi mkwiyo. Bambo Zebedee anawajambula tsiku lina, ali okha pakhonde.

Filimu inapita ku Ulaya, Kenan n'kubwerako masaya atatuluka. Anapachika chinsalu m'kalasi ya pasukulu, mudzi wonse unadzazamo. Asanayambe anasimba kuti pali malo ena chakumapeto pomwe azungu anaimirira n'kuwomba m'manja, ena mpaka misozi.

Anthu anaseka podziona. Kenako pachinsalu panatulukira ndodo ija, ndipo Emma, mwachizolowezi, anafunda chitenje. Ali m'chitenjemo anamva kalasi yonse ili zii. Palibe anawomba m'manja.

Anamuuza ndi mnzake wokhala naye pafupi, monong'ona. Kenan anali atalumikiza zithunzi ziwiri zija: nkhope ya bambo Zebedee, kenako Emma akudzutsa mutu n'kuwalasa ndi maso aukali aja. Ng'ombe anaidulamo. Mtsikana wa m'filimu ataona zimenezo ananyamula chikwama n'kuchoka pamudzi, ndipo filimu inathera pomwepo.

Emma anamupeza Kenan panja akukulunga mawaya.

"Mwanawe, ine ndimayang'ana ng'ombe."

"Ndikudziwa, azakhali. Koma kunja kuja akukutchani mayi wolimba mtima. Nkhope yanu anaimata m'makoma."

"Lowa uwauze anthuwa."

"Ndikanena zimenezo filimu yafa. Anthu pano ali ndi mafoni, mawa zimveka konse." Anamusisita paphewa ngati akutonthoza mwana. "Muzolowera."

Emma anazungulira nyumba ndi nyumba kufotokoza za ng'ombe. Anthu ankamvetsera, n'kumufunsa kuti nanga ng'ombeyo bwanji iwo sanaione. Amene ankatopa ndi kumva dzina lake pa chilangizo chilichonse anapeza pobwezera. Mwamuna wake anasiya kudya naye, akuti wawachititsa manyazi bambo ake mpaka kwa azungu. Zinamupweteka Emma, moti anasiya ngakhale kupita kukwaya.

Mvula itayamba bambo Zebedee anamwalira. Anali okalamba zedi, matenda a msana anali nawo kalekale, koma pamudzi sipasowa wodziwa chomwe chapha munthu. Emma anasenza nkhuni kupita kusiwa monga mpongozi wamkulu, ndipo pakhomo anakumana ndi mlamu wake, mwana wamkazi wa malemuwo.

"Tulani pomwepo muzibwerera," anatero mlamuyo. "Kapena mwadzaonanso nkhope? Inu munaona kale, dziko lonse likudziwa."

Anatula nkhunizo. Nyimbo za maliro anazimvera ali m'nthochi, momwe ankabisala muja. Bokosi likudutsa panjira, manja ake anakoka okha chitenje kumutu. Mpaka lero Emma sadziwa kuti apongozi akewo ankaoneka bwanji.